Dzino Lokhota Lija

Lolemba, 17 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno tili bwino, ndipo lero sindikunena mongokusangalatsani ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni inu mumangoti “eya, eya” kenaka n'kupatsira amayi, chonsecho nkhaniyi ndi yanu. Valani magalasi, mukhale pansi.

Ndiyambe ndi zimene amayi akhala akudandaula, zoti miyezi yapitayi ndinkangotumiza timauthenga, foni osayankha. Sikunali kutanganidwa. Ndinalibe mano akutsogolo. Tsiku lina mvula itagwa ndinaterereka pamasitepe a holo yathu yoimbiramo, sakisofoni, choimbira changa chija, ili kumsana. Poopa kuigonera ndinagwa chafufumimba. Iyo inatuluka yopanda ndi kachilema komwe, koma mano anga awiri apamwamba anatsala pasimenti. Limodzi linali lokhota lija, limene ndinatengera kwa inu. Ndikanalankhula pafoni, amayi akanamva kuti mawu anga akutuluka ngati mpweya wa tayala lobooka, ndipo akanakwera basi tsiku lomwelo.

Mwina munena kuti dzino ndi dzino, amaika lina. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma sakisofoni, Bambo, timaimba ndi mano. Kunsonga kwake kuli kamlomo kakuda kolimba. Mano apamwamba amaluma pamwamba pa kamlomoko, mlomo wapansi n'kugwira kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera ndi kutulutsa mawu. Mano akasintha pang'ono chabe, mawu onse asintha.

Ndipo ngoziyi inachita kusankha nthawi. Mukukumbuka ulendo uja munabwera kudzandionera, nditangoyamba ntchito m'gulu lalikulu la oimba? Munavala jekete yanu n'kukhala kutsogolo. A mavayolini anaimba, a malipenga anaimba, ine phee kumbuyo, sakisofoni ili pamiyendo. Chakumapeto ndinaimba kamphindi, basi, n'kukhalanso chete. Potuluka munandiuza kuti, “Ine ndinkaopa kuti uzikaimba m'mabala, koma kumeneko bola munthu amatuluka thukuta. Ndiye iwe ntchito yako ndi yokhala pansi?” Ndinaseka nanu, koma kunyumba ndinakalira. Simunaname. Nyimbo zambiri za magulu amenewa zinalembedwa sakisofoni isanapangidwe n'komwe, ndiye ife amatiitana mwa apo ndi apo ngati alendo. Pampando wakumbuyo umenewo ndi pomwe imvi zandipeza, m'mawa ndikuphunzitsa ana a eni, madzulo ndikudikira kamphindi kanga.

Chaka chatha, mkulu wina wopeka nyimbo, amene tonse timangowatcha Agogo, anandiimitsa m'khonde. “Mwanawe,” anatero, “ndatopa kukuona ukumvetsera anzako. Ndikulembera nyimbo yakoyako. Udzaime kutsogolo, onsewa azikutsatira.” Analembadi, dzina langa lili pamwamba. Kumapeto kwake mawu amakwera mpaka pamwamba penipeni, n'kukhala pomwepo nthawi yaitali, mopyapyala ngati ulusi. Tsiku loiimba koyamba litalengezedwa, m'pamene ine ndinakapsompsona simenti.

Dokotala wa mano amene anandithandiza ndi munthu waulemu, wa manja ofewa. Anandiikira mano awiri oyera, owongoka, ofanana bwinobwino. Pondipatsa galasi anati, “Mayi, lokhota lija ndakukonzerani. Simungalidziwenso.” Bambo a kunyumba kuno atandiona anati akwatira kachiwiri. Sindikubisirani, tsiku limenelo ndinasangalala. Ndinamwetulira aliyense m'basi, ngakhale amene anandiponda phazi.

M'mawa mwake ndinatenga sakisofoni, ndipo chimwemwe chinathera pomwepo. Mawu apansi ankatuluka, koma sanali anga. Apamwamba ankangolira ngati chitseko chosathira mafuta. Kamlomo kaja kankaterereka m'kamwa, kosapeza pokhazikika. Ndinasintha timabango, ndinayeserera mpaka mlomo kutuluka magazi, koma ayi ndithu. Tsiku loyeserera ndi gulu lonse, nditafika pamalo okwera aja panatuluka mluzu woti ngakhale galu akanathawa. Anzanga anangoweramira pamapepala awo, ndipo chisoni chawocho chinandipweteka kuposa kuseka.

Wotsogolera gulu lathu, amene timawatcha Akamtengo chifukwa cha kandodo kamene amatiimbitsira, anandiitanira mu ofesi. “Mayi, ndimakulemekezani kwambiri,” anatero, “koma tsiku silingasunthe. Zikakhala chonchi sabata yamawa, ndiitana munthu wina wochokera kunja adzaimbe.”

Nyimbo yanga, Bambo! Yoidikira moyo wonse, adzaimbe wina, ine nditakhala pansi monga mwa masiku onse. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinkabereka mdzukulu wanu.

Loweruka, ndikufufuza timabango tina m'kabati, ndinapeza kabokosi kamatabwa kaja munandikhomera pamene ndinkapita kusukulu ya nyimbo. Munkanyinyirika kuti ntchito imeneyi ilibe tsogolo, uku mukupala thabwa mosamala, mpaka kuyalamo nsalu yofewa m'kati. M'kabokosimo munali kamlomo kanga koyamba, kamene ndinakaluma utsikana wanga wonse. Pamwamba pake panali timaenje tiwiri timene mano anga anakumba pang'onopang'ono: kena kowongoka, kena kopendekeka. Ndinakaika m'kamwa, koma mano atsopano aja sanalowemo. Apo m'pamene ndinazindikira. Dzino lokhota lija ndi lomwe linkagwira kamlomo kuti kasasunthe, monga mmene inu mumalumikizira matabwa, lina kulowa mwa linzake. Zaka zonsezi ndinkaimba ndi dzino limene ndinkachita nalo manyazi.

Lolemba ndinalawirira kwa dokotala, sakisofoni kumsana, kabokosi m'manja.

“Adokotala, ndabwera kuti mundikhotetsere dzino.”

Anandiyang'ana ngati ndapenga. “Mayi, anthu amabwera kuno kudzawongola.”

“Amenewo ndi anthu ena. Ine ndikufuna langa lija.”

Ndinamuonetsa timaenje tija, n'kumufotokozera. Munthuyu ndi wochangamuka, sindinachite kubwereza. Anatenga phala lake lija amadindira mano, n'kulimata pakamlomoko, ndipo litauma panatuluka maonekedwe a mano anga akale, kupendekeka kwake konse. Patapita masiku ochepa anandiitana kuti dzino lapangidwa. Ataliika anati, “Imbani timve.”

Ndinaimba nditakhala pampando wake womwe uja wozulirapo mano. Iye n'kupala dzinolo pang'ono. Ndinaimbanso, n'kupalanso. Mukanamuona, Bambo, mukanamulemba ntchito kushopu kwanu, chifukwa sankathamanga: kupala, kuyesa, kuyang'ana ndi diso limodzi, kupalanso. Odwala amene ankadikira panja anayamba kusuzumira pakhomo atagwira masaya. Bambo wina wotupa tsaya anati, “Ngati mankhwala ake ndi amenewa, inenso andiimbireko.”

Kenaka kamlomo kanangolowa m'malo mwake, gwa! Ndinakwera, ndinakwera, mpaka pamalo aja. Mawu anatuluka oyera, osagwedezeka, ndipo ndinawagwira mpaka mpweya kutha. Misozi inatsikira m'makutu chifukwa mpando uja ndi wopendekera kumbuyo. Dokotala anavula magolovesi nati, “Chiyambire ntchito sindinapangepo dzino loipa chonchi, koma palibe limene ndalinyadira ngati limeneli.”

Tsiku loyeserera lotsatira, Akamtengo sanaimitse nyimbo. Titamaliza anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Munthu wakunja uja akhale kwawo.”

Ndiye dzulo masana, Bambo, ndinaimba. Holo inadzaza mpaka ena kuimirira m'mbali. Ndinalowa pambuyo pa onse, ndinadutsa pakati pa a mavayolini, n'kukaima kutsogolo. Mpando wanga wakumbuyo uja anali atauchotsa. Pakamwa panali pokhazikika. Pamene ndinkafulumira gulu lonse linkafulumira, pamene ndinkafatsa linkafatsa nane. Titafika kumapeto, onse anatsitsa zoimbira zawo n'kundisiya ndekha pamwamba paja. Simunkamveka ngakhale chifuwa. Mawu atatha anthu anaimirira, m'manja ngati mvula padenga la malata. Agogo anakwera masitepe ndi ndodo yawo n'kundikumbatira. Ndipo pakati pa phokosolo ndinamva munthu akukuwa kumbuyo, “Dzino langa limenelo!” Anali dokotala uja, ulemu wonse ataiwala.

Diresi yanga inanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno. Ndinaganiza za inu.

Tsopano pempho langa. Akamtengo anena kuti nyimboyi tiyenda nayo m'mizinda ina, ndipo mwezi wamawa tidzafika kufupi ndi kwanuko. Bwerani, chonde. Za bondo musadandaule, bambo a kunyumba adzakutengani pakhomo penipeni. Muvale jekete ija ngati ikukukwanani, mukhale kutsogolo monga munachitira kale, mudzaone nokha ngati ntchito yanga ikadali yokhala pansi. Kabokosi kanu ndidzabwera nako, chifukwa chivindikiro chayamba kugwedera ndipo sindikufuna kuti munthu wina akakhudze.

M'kalatamu ndaikamo chithunzi chimene anandijambula dzulo nditangomaliza. Amayi kuyambira ndili mwana akaona wojambula ankati, “Tseka pakamwa iwe.” Inunso mpaka lero mukamaseka dzanja limathamangira kukamwa. Ndimakuonani.

Mundiperekere moni kwa amayi. Auzeni kuti foni ndayambanso kuyankha, ndipo asakwiye, pachithunzipo pakamwa sindinatseke. Mdzukulu wanu akupereka moni, ndipo akuti nayenso lake layamba kukhota, tisamuwongole. Inu Bambo, mukachiona chithunzichi n'kuseka, dzanja lija likhale pabondo. Dzino limenelo poyamba munandipatsa osandifunsa, koma ulendo uno ndachita kulipempha ndekha.

Ndine mwana wanu,
wa dzino lanu lija.