Diresi la Hafsah

Achemwali a Mwantumu,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Zingwangwa tilipo, mvula yayamba. Nsalu munatumizira mwana wanga Hafsah ija inafika, zikomo.

Zotsatira za chotupa cha m'mutu mwake zinatuluka Lachiwiri. Adokotala atamva kuti ndine telala, anati m'thupi monse muli tiulusi ta malangizo, DNA, tokulungidwa pa timabobini totchedwa histoni. Mwa mwanayu bobini ina inapindika, ndiye ulusi sukukulungika bwino, ukumaduka, thupi n'kumalumikiza molakwika. Ndinafunsa ngati bobiniyo amasintha, monga ndichitira ine pamakina. Anapukusa mutu. Akuti si zakumtundu, musade nkhawa ndi anyamata anuwo.

Ndinabwerera pakhonde n'kusoka mayunifolomu asanu ndi awiri. Misozi sinabwere, mpaka lero.

Diresi la nsalu yanu ija ndamaliza dzulo. Atavala anati, "Ababa, landikhalatu!" Mukudziwa kuti chovala cha mwana ndimapinda nsalu yambiri m'munsi kuti akulire momwemo. Ili ndangodula pamsinkhu wake.

Ngati mukubwera, musadikire Eid.

Ndine mchimwene wanu,
Salehe