Kachasu watenga maso a abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi khanda. Kuno ku Limbuli amayi ali bwino, koma abambo sakuonanso.

Loweruka anamwa kachasu wogula kumalire. Pofika Lolemba ankafunsa amene watseka mawindo, dzuwa lili paliwombo. Adokotala akuti munali poizoni wotchedwa methanolo.

Ine ndikukonzekera mayeso a kemisitiri pambali pa mphasa yawo. Dzulo ndimabwereza za makina a gasi kromatogalafe. Timayamba tawapatsa methanolo wa milingo yodziwika, n'kujambula mzere wosonyeza mmene makinawo akuyankhira. Kenako timayeza chakumwa chokayikitsa, n'kuwerenga pamzerewo kuchuluka kwa poizoni. Funso loyeserera linali la kachasu ndithu, ndipo ndinalikhoza.

Abambo atamva pepala likulira anafunsa chimene ndimalemba. Nditawafotokozera anati, "Ndiye ukanadziwa, mwanangu?" Ndinayankha kuti makinawo ali kukoleji. Anangotembenukira kukhoma.

Mukaimba, chonde musawafunse ngati aona chithunzi cha mdzukulu wawo chimene munatumiza pafoni chija. Amagwira foniyo mozondoka n'kumamwetulira, ndipo palibe amene walimba mtima kuwauza.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati