Khoswe Wotsimphina wa Vrbata

Prague, 18 Novembala 1945

Msuweni wanga Hedvika,

Ndikhulupirira uli bwino ku London. Kuno tilipo, kungoti malasha akusowa. Khofi uja anafika, zikomo.

Ukumukumbukira Vrbata, bwana wanga kojambula makatuni? Masiku ano akuuza aliyense kuti nthawi ya Ajeremani ankangojambula njuchi ndi maluwa.

Iwe sunamuone kanema wake wa khoswe wakuba. Pofuna kuti khosweyo aziyenda ngati munthu, Vrbata ankaima pawindo m'mawa uliwonse, pensulo ili m'manja, kuonerera bambo ako akutsimphina mumsewu, nyenyezi yachikasu yozindikiritsa Ayuda ili pajekete. Ataonetsa kanemayo, holo yonse inafa ndi phwete. Amene anapaka utoto mwendo wotsimphina wa khosweyo ndine.

Mapepala oonekera amene timajambulapo makatuni sititaya, timawatsuka n'kujambulaponso. Ajeremani atangothawa, Vrbata anandisenzetsa mulu wonse wa kanema uja. "Zdenka mwana wanga, tsuka bwinobwino, pasatsale ndi kadontho komwe." Ndinati, "Chabwino, bwana," ndipo ndinatsuka mpaka zala kusupuka. Koma mapepala khumi ndi awiri, sitepe imodzi yathunthu ya khoswe uja, ali pansi pa matiresi anga, ndipo manambala ake analemba ndi dzanja lake. Lachinayi akaonekera kubwalo la milandu pa mlandu wothandiza Ajeremani. Ndikawayala patebulo limodzilimodzi, kenako ndikamupempha kuti ayende momwemo, oweruza akuona.

Wafunsa za bambo ako. Ndimapitabe kusiteshoni kukawerenga mayina a obwerera kuchokera kundende za Ajeremani. Ndodo yawo ndaisunga. Sikafu ukuwalukirayo usatumize kaye.

Ndine wako mpaka kale,
Zdenka