Andichotsa M'gulu la Athanzi

Trondheim, 9 Febuluwale

Okondedwa Azakhali a Ragnhild,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko, komanso kuti bondo lija lasiya kuvuta. Kuno chipale chofewa chagwa chambiri chaka chino, moti galimoto ya bambo tikuchita kuifukula ndi fosholo.

Mng'ono wanga Tuva akupezako bwino. Matenda ake a MS aja, owononga mitsempha, anawatulukira msanga. Kuchipatala kuli kafukufuku wojambula thalamasi, kachigawo ka pakatikati pa ubongo, n'kuyeza makemikolo ake, poti akuti kumeneko zinthu zimayamba kusintha matenda asanakule. Amafunanso anthu athanzi oti aziwayerekeza ndi odwalawo. Tuva anandiuza kuti, "Iwe Ingunn, ntchito yako n'kudya ndi kutsetsereka pachipale basi. Kawabwereke mutu wakowo, mwina n'kugwirako ntchito." Ndinapitadi, n'kugona m'chimakina chaphokoso ngati chigayo. Nditatuluka, ine ndi Tuva tinakamwa khofi tikuseka.

Sabata yatha dokotala anandiimbira foni. Mwaulemu ndithu, anati chithunzi changa achichotsa m'gulu la athanzi, ndipo ndipitenso Lachiwiri. Anafunsanso ngati dzanja limandichita dzanzi. Ndinamuyankha kuti nyengo yozizira ino aliyense limamuchita.

Tuva sindinamuuze. Amanyadira kuti m'banja muno muli mmodzi wolimba womunyamulira katundu.

Juzi munandilukira ija yandikwana bwino, zikomo. Koma ulendo wina musadzaike mabatani ang'onoang'ono chonchi, Azakhali. Masiku ano akumandipulumuka m'zala.

Ndine mwana wanu,
Ingunn