Kabotolo kopanda dzina

Lachinayi. Lero ndamenya munthu, ndipo mtima sunatsikebe.

Dzana mng'ono wanga Chisomo anabayitsa mankhwala okulitsa milomo pasaluni ina ku Chiwaridzo, poti chinkhoswe chake chili Loweruka. Anangofunsa kuti, "Zipweteka?" Lero mlomo wam'mwamba wada bii. Kuchipatala anesi anati, "Anakubayani chiyani? Tikadziwa, mwina tingasungunule."

Ndinathamangira kusaluniko. Mayi wobayayo anati, "Sisi, kutupa kumatha kokha." Ndinamuzula wigi, ndinamuwaza mbama ziwiri, galasi lake ndinaliswa ndi chibakera. Akulira, anandiponyera kabotolo ka mankhwalawo. Kalibe dzina, kalibe chilembo chilichonse.

Dzanja langa likuchuchabe magazi, koma zimenezo n'zazing'ono. Chisomo amaopa jakisoni chibadwire, ndipo dzana ankafuna kuthawa pampando paja. Amene anamugwira mutu kuti asagwedezeke ndine.