Ambulera Yanu Yathyokera pa Buleki

Amake Wiza,

Ndanyamuka ulendo wa ku Karonga musanaweruke, ndibwera Lachinayi. Musavutike kufunafuna ambulera yanu yobiriwira ija, ndathyola ndine. Pepani chomene.

Nyali za buleki za pikapu zinasiya kuyaka dzulo. M'mawa uno ndinayang'ana fyuzi, ili bwinobwino. Ndinasintha mababu, osayakabe. Mukudziwa kuti ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina aponde buleki, wina aime kumbuyo aziona. Kale munkaponda ndinu, uku mukundikalipira kuti ndikukuchedwetsani. Lero ndinakagogoda kwa aneba athu a Whyte, osapeza munthu. Anthu onse kuno ku Masasa anali atapita ku ntchito. Ndiye ndinapanikiza ambulera yanu pakati pa mpando ndi buleki, ine n'kumathamangira kumbuyo. Ulendo wachinayi ndi pamene ndinapeza vuto: waya wa kunsi wadyeka ndi dzimbiri, mvula ya kunoyi. Nditamupala n'kumumanga bwino, nyali zonse psuu!

Ndinakuwa kuti, "Zayaka, siyani!" ngati kale. Chimene chinandiyankha ndi ambulera, kuti thyo.

Mvula ikagwa mawa, muvale jekete langa, lili kuseri kwa chitseko. Ndi lalikulu, mupinde manja.

Sabata ino taonana kawiri kokha, pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Lachinayi mupempheko tchuthi, chonde. Ambulera ndigula ina, koma woponda buleki sapezeka mumsika.

Ndine wanu,
Siyani