Phiko la kandege ka bambo

Okondedwa achimwene,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Kuno ku Nkope tili bwino, kupatula chifuwa cha mayi.

Kandege kankhondo kapulasitiki munatumiza kaja, bambo amaliza kulumikiza. Manja aja akadali aluso, achimwene. Ngakhale timfuti takumchira atipaka utoto ndi nthenga ya nkhuku, akuti ndi mmene ankazionera ali kunkhondo ku Burma.

Koma ndili ndi tchimo. Popukuta fumbi ndinathyola phiko limodzi, n'kulibwezeretsa osanena. Litagwa, bambo anati, "Ndakalamba ine, guluu wandikanika." Anasema lina lachiwale, lokongola kuposa loyamba, koma chiyambire amangoyang'ana zala zawo. Lamulungu sindinalandire Mgonero.

Mundipempherere, mawa ndiwauza. Poyankha musatchule za mabomba a kandegeka, makalata akumatsegulidwa ndi a boma.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati